Land Rover yakale ikagona, mudzi wonse umayenda pansi: kodi masipeya achokera kuti?

TETE — Mvula ikayandikira, m'magaraja a ku Matundo ndi ku Chingodzi mumadzaza galimoto za mtundu umodzi. Ndi zija zokalamba, zamakona anayi, zomwe utoto wake udasuluka kalekale: ma Land Rover ndi ma Land Cruiser ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Marávia ndi Zumbo. Zina zimafika zokha zikutsokomola. Zina zimabwera zitakwezedwa pa lole. Zina zimatsala kumudzi, mwini wake n'kubwera ndi chitsulo chothyoka atachikulunga m'thumba la feteleza, akuyenda sitolo ndi sitolo kufunsa ngati chilipo chofanana nacho.

Kwa munthu wa mumzinda, iyi ndi nkhani ya amakaniko basi. Koma inu a m'malire mukudziwa kuti ndi nkhani ya moyo. Galimoto imeneyi ndi yomwe imatenga mayi woyembekezera usiku kupita naye kuchipatala. Ndi yomwe imatsitsa mbatatesi kuchokera kumapiri a Tsangano kufika nayo pamsewu wa tala. Ikagona miyezi iwiri kudikira chitsulo chimodzi, mbewu zimaolera m'matumba, mtengo wa ulendo pa njinga yamoto umakwera, ndipo wodwala amanyamulidwa pa machira monga kale.

Funso lomwe tikufuna kuliunika lero ndi ili: n'chifukwa chiyani masipeya a galimoto zimenezi akuvuta, ndipo ndi ziti zomwe makaniko angasinthe popanda kuika miyoyo ya anthu pachiswe?

Zidafika bwanji kuno

Land Rover yoyamba idatuluka ku Solihull, m'dziko la England, m'chaka cha 1948. Mtundu wa Series II udabwera mu 1958, Series IIA mu 1961, ndipo Series III idapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Izi ndi zomwe ankayendera achitsamunda, ansembe a m'mamishoni ndi alangizi a zaulimi. Pambuyo pake kudabwera mtundu womwe mu 1990 udapatsidwa dzina loti Defender.

Kumbali ya Toyota, Land Cruiser ya mtundu wa 40 idapangidwa ku Japan kuyambira 1960 mpaka 1984. M'chaka chomwecho cha 1984 kudatuluka mtundu wa 70, womwe ndi uja timauona utapakidwa zoyera ngati ambulansi.

Makolo athu akukumbuka bwino zomwe zidachitika pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo adali ochokera m'chigawo chino cha Tete. Pobwerera kwao, m'misewu yathu mudadzaza galimoto za ONUMOZ, za bungwe loona za othawa kwao la UNHCR, ndi za mabungwe ena omwe ankamanga sukulu, zipatala ndi mijigo. Ntchito za mabungwe zikatha, galimoto zambiri zinkagulitsidwa. Zidadutsa m'manja mwa anthu atatu, anayi, mpaka zidafika kwa mlimi wa fodya kapena mwini chigayo. Zina mwa galimoto zomwe tikukambazi zili ndi zaka zoposa 40, zina zadutsa 50.

Chifukwa chake sizikufa

Wina angafunse kuti, bwanji osangozitaya n'kugula zatsopano? Yankho lili pawiri: msewu ndi thumba.

Msewu wa N7 wopita ku Zóbuè, wa N304 wodutsa ku Ulónguè kukafika ku Calómuè, ndi wa N9 wopita ku Cassacatiza, yonseyi ndi ya tala. Koma mudzi suli pa tala. Ukangopatuka, uli m'matope, m'mchenga kapena m'miyala. Kuchoka ku Tete kukafika ku Zumbo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ndipo msewu wa N303 wodzera ku Fíngoè wadziwika kwa zaka zambiri ngati wodya galimoto. Ngakhale pafupi ndi mzinda zinthu zimatha kusintha usiku umodzi: mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Tigalimoto ting'onoting'ono tochokera ku Japan ndi tabwino mumzinda, koma sitikhalitsa pa njira yopita kumunda.

Chachiwiri, galimoto zakalezi zilibe kompyuta. Injini ya Series, ya malita 2.25, kaya ya petulo kaya ya dizilo, makaniko amaimasula pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala ochepa. Chimodzimodzi injini za 200Tdi ndi 300Tdi za Defender, komanso 1HZ ya Land Cruiser, ya malita 4.2, yomwe idayamba mu 1990. Koma Defender ya injini ya Td5, yomwe idayamba mu 1998, ili ndi kompyuta, ndipo ikavuta pamafunika makina ounikira omwe ku Furancungo kapena ku Domwe simungawapeze msanga. Defender yatsopano, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 2020 ndipo imapangidwa ku Slovakia, idangotenga dzina. Palibe chitsulo chake chomwe chingalowe pa yakale, ndipo mtengo wake si wa mlimi.

Pomwe pagona vuto

Pa 29 Januwale 2016, Defender yomaliza ya mtundu wakale idatuluka m'fakitale ya ku Solihull. Izi sizikutanthauza kuti masipeya adatha padziko. Galimoto zoposa mamiliyoni awiri za mitundu ya Series ndi Defender zidapangidwa, ndipo makampani ambiri akupangabe zitsulo zake. Nayo Toyota idalengeza mu 2021 kuti iyambanso kupanga masipeya ena a Land Cruiser 40. Vuto ndi loti kunja galimoto zimenezi zasanduka zokondedwa ndi anthu a ndalama, omwe amazikonza kuti azionetsera pa Sabata. Mlimi wa ku Macanga akupikisana nawo pa chitsulo chomwecho, iye ali ndi metical, iwo ali ndi mapaundi.

Apa ndi pomwe nkhani ya masipeya ikukumana ndi nkhani ya chuma cha dziko. Sipeya iliyonse yatsopano imagulidwa ndi ndalama zakunja. Kuyambira pakati pa 2021 mpaka 2025, mtengo wa dola kubanki udakhazikika pafupi ndi meticais 64. Koma mu 2024 ndi 2025 bungwe la eni makampani la CTA lidadandaula kangapo kuti madolawo sankapezeka m'mabanki. Wamalonda akapeza madola ochepa, amaitanitsa katundu woyenda msanga: mabuleki a minibasi, mafyuluta a Hilux. Saika ndalama zake pa giya ya galimoto ya 1974 yomwe ingakhale pa shelefu zaka ziwiri.

Kale njira yachidule inali kuoloka malire. Anthu a ku Angónia ndi Tsangano ali pafupi ndi Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe kusiyana ndi Tete, ndipo ambiri amadziwa njira ya ku Biwi ku Lilongwe kapena ya ku Ndirande ku Blantyre. Koma mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumeneko kudakweza mtengo wa katundu yense woitanitsa. Komanso zipolowe zomwe zidatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zidatseka misewu kangapo, ndipo chipata cha Ressano Garcia chidatsekedwa masiku ena. Katundu wochokera ku Maputo adachedwa, ndipo izi zidaonetsa kuti chigawo chathu chili kumapeto kwa chingwe chachitali.

Palinso msonkho. Ambiri amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Johannesburg chimalowa ulere chifukwa cha mgwirizano wa SADC. Si choncho. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'maiko a SADC momwemo, wokhala ndi chikalata chotsimikiza komwe adapangidwira. Chitsulo chopangidwa ku England, India kapena China, ngakhale mwachigula ku Joni, chimalipira msonkho pa alfândega, kuphatikizapo IVA, yomwe mu Januwale 2023 idatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti.

Njira zitatu zopezera chitsulo

Yoyamba ndi sukata, kutanthauza kuchotsa pa galimoto ina yakufa. Ubwino wake ndi woti chitsulocho nthawi zambiri chimakhala chenicheni cha kufakitale. Kuipa kwake ndi koti nacho chidatopa, ndipo nkhokweyi ikuchepa chifukwa ogula zitsulo zakutha akhala akutolera mabwinja a galimoto m'midzi n'kukawagulitsa pa sikelo. Difu yomwe ikadadzutsa ambulansi ya mudzi imapita kukasungunulidwa pa mtengo wa makilogalamu.

Yachiwiri ndi kuitanitsa chatsopano, kudzera kwa madalaivala a malole ndi mabasi omwe amadutsa ku Cuchamano kuchokera ku Harare ndi Johannesburg, kapena kudzera ku Beira. Lero foni yathandiza: mumajambula chitsulo n'kutumiza pa WhatsApp. Koma chithunzi chimanama. Zitsulo ziwiri zingaoneke ngati mapasa koma zosiyana pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo ndi pomwe ndalama zimathera. Zatsopanozi nazo zili m'magulu: chilipo cha kampani yeniyeni, chilipo chopangidwa bwino ndi kampani ina, ndipo chilipo chachinyengo chomwe chabwino chake ndi katoni yokha.

Yachitatu ndi kusula kapena kusintha. Apa ndi pomwe pali luso la amisiri a ku Tete. Wa makina a torno amatha kusema bushi yatsopano, kukonza ulusi wa bawuti, kapena kuchepetsa chitsulo cha galimoto ina kuti chilowe. Migodi ya malasha ya ku Moatize, yomwe Vale idayamba kukumba mu 2011 n'kuigulitsa kwa Vulcan mu 2022, idabweretsa mumzinda muno amisiri ndi masitolo a mabering'i, mapaipi ndi malamba omwe kale kunalibe. Uwu ndi mwayi womwe eni galimoto zakale sakuugwiritsa ntchito mokwanira. Bering'i ili ndi nambala yake yodindidwa m'mbali, ndipo nambalayo ndi ya padziko lonse. Simufunika kufunsa bering'i ya Land Rover. Funsani nambala.

Safunsa adadya phula

Musanakwere chapa kubwera ku Tete, lembani nambala ya chasisi ndi ya injini. Pa Series, nambala ya chasisi imakhala pa kachitsulo kokhomedwa m'kati mwa galimoto, komanso idadindidwa pa chasisi penipeni, pafupi ndi pogwira sipuling'i ya kutsogolo ku dzanja lamanja. Koma nambala yokha sikwanira, chifukwa galimoto ya zaka 45 idasinthidwa kale zambiri. Thupi lingakhale la Series III, giyabokosi ya IIA, difu ya galimoto ina. N'chifukwa chake kubwera ndi chitsulo chakufacho m'manja kumaposa kufotokoza ndi pakamwa.

Tengani chitsanzo cha shafuti ya m'difu ya kumbuyo, yomwe ndi nthenda yodziwika ya Series. Ya mbali imodzi ndi yaifupi, ya mbali ina ndi yaitali. Ina ili ndi mano 10 kumapeto, ina 24. Komanso Series III yaitali, ya mainchesi 109, ili ndi ekiselo ya kumbuyo ya mtundu wa Salisbury, yolimba kuposa ya galimoto yaifupi ya mainchesi 88, ndipo zam'kati mwake sizilowana. Wogula osawerenga mano wataya ndalama ya chitsulo ndi ya ulendo yomwe.

Mabawuti nawo ali ndi msampha. Pa Land Rover zakale pali ulusi wa muyeso wa Chingerezi, pomwe galimoto za ku Japan ndi za mamilimita. Bawuti ya mamilimita imayamba kulowa, kenaka imalimba. Mnyamata wophunzira ntchito akaikakamiza ndi paipi, ulusi umadyeka, ndipo tsiku lina pa chitunda bawutiyo imazuka. Malimu nawonso salowana: a Land Rover ali ndi mabowo asanu, a Land Cruiser 40 ali ndi asanu ndi limodzi. Kukuza mabowo ndi moto kuti limu lilowe ndi kuitana maliro.

Zololedwa ndi zoopsa

Pali zosintha zomwe zilibe vuto, mwinanso zimaposa zakale. Kuchotsa dayinamo n'kuika alitaneta ya galimoto ya ku Japan ndi nzeru yabwino, bola makaniko aone kaye kalumikizidwe ka batire, chifukwa zina zakale kwambiri, za zaka zisanafike 1967, zidalumikizidwa mosiyana ndi za masiku ano. Radiyeta ya galimoto ina, ikakhala yaikulu mokwanira, ndi yothandiza pa kutentha kwa Tete komwe kumadutsa madigiri 40. Mipando, nyali, mapaipi a madzi, pampu ya mafuta, zonsezi zingasinthidwe.

Kusintha injini ndi nkhani yofunika kuiganizira kawiri. Ambiri amaika injini ya dizilo ya Toyota, Nissan kapena Isuzu, chifukwa masipeya ake ali paliponse. Si zachilendo: ku South Africa anthu akhala akuika injini za Ford ndi Chevrolet m'ma Land Rover kuyambira kale. Koma pamafunika chitsulo cholumikizira injini ndi giyabokosi, chosemedwa molondola kuti ziwirizi ziyang'anane pakati penipeni. Zikapotoka pang'ono, kalachi ndi mabering'i zimatha mwezi ndi mwezi. Ndipo injini yamphamvu imakankha giyabokosi ndi mashafuti zomwe zidapangidwira mphamvu yochepa. Galimoto imathamanga kuposa kale, koma mabuleki ndi omwe aja a madiramu. Yafulumira kunyamuka, koma kuima sikudasinthe. Potsika phiri ndi matumba 20 a chimanga ndi anthu khumi pamwamba, kusiyana kumeneku ndi kwa moyo ndi imfa.

Tsono pali zinthu zomwe siziyenera kusokedwa konse. Chitsulo cha chiwongolero chikathyoka, chisawotchereredwe. Chimaoneka chagwira, koma moto wasintha kulimba kwake ndipo chidzathyoka osachenjeza. Paipi ya mabuleki isamangidwe ndi mphira ya chubu kapena kutsekedwa ndi msomali kuti magudumu atatu okha azigwira. M'mabuleki musathiridwe madzi a sopo kapena oyilo wa injini, chifukwa ndi oyilo timphira ta m'kati timafufuma n'kuleka kugwira. Sipuling'i isawongoledwe pamoto. Ndipo chasisi chiunikidwe ndi hamala chaka ndi chaka. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri ngati chitsulo, choncho galimoto imaoneka yathanzi kunja pomwe chasisi chadyeka m'kati ndi matope omwe amakhalamo dzinja lonse.

Pali nzeru imodzi ya pangozi yomwe dalaivala aliyense wa Series ayenera kuidziwa. Shafuti ya kumbuyo ikathyoka kuthengo, amachotsa mashafuti a kumbuyo ndi shafuti yaitali yopita ku difu, n'kudina kachitsulo ka mutu wachikasu kuti magudumu a kutsogolo akoke. Galimoto imafika kunyumba pang'onopang'ono. Koma iyi ndi njira yofikira pa garaja, si yoyendera nyengo yonse ya fodya.

Mapepala

Ambiri amaiwala kuti nambala ya injini ndi ya chasisi zili mu livrete. Mukasintha injini osakalembetsa ku INATRO, mapepala ndi galimoto zimasiyana, ndipo vuto limadzabuka pa inspecção, pa chipata cha apolisi, kapena pa malire pomwe mwanyamula wodwala. Pogula injini ya sukata, funani lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo ndi dzina la wogulitsa. Wokana kulemba lisiti ali ndi chifukwa chake, ndipo injini yakuba imagwiritsa wogula, osati wakuba.

Nanga tichite chiyani

Kwa eni galimoto, choyamba ndi kuleka kuyenda yekhayekha. Mutu umodzi susenza denga. Eni Land Rover asanu a posto imodzi akhoza kusonkha n'kuitanitsa pamodzi, ndalama ya mtengatenga n'kugawana. Akhozanso kugula galimoto imodzi yakufa n'kuisunga pansi pa denga ngati nkhokwe ya onse. Mafumu ndi anyakwawa angathandize pouza anthu kuti bwinja la galimoto lisagulitsidwe pa sikelo amakaniko a m'deralo asanalione.

Chachiwiri ndi nthawi. Ndalama ya fodya ndi mbatatesi imabwera m'chilimwe, pomwe galimoto imafa m'dzinja. Wogula shafuti, mabering'i, timphira ta mabuleki ndi lamba m'mwezi wa Ogasiti amagula modekha. Wogula mu Febuluwale, galimoto ili m'matope, amalipira mtengo uliwonse womwe wauzidwa. Ndipo chotsika mtengo kuposa zonse ndi oyilo ndi girizi. Kuona oyilo wa m'difu ndi m'giyabokosi mukangooloka mtsinje kumapulumutsa magiya omwe mukadawafuna mpaka ku Harare.

Kwa sukulu za ntchito zamanja, monga Dom Bosco ya ku Matundo ndi malo a IFPELAC, pempho ndi loti pophunzitsa achinyamata makina amakono asataye luso la torno, la pampu ya dizilo ndi la mabuleki a madiramu. Amisiri omwe adaphunzira pa galimoto zimenezi akukalamba, ndipo zambiri zomwe akudziwa sizidalembedwe paliponse.

Kwa oyendera malonda a boma, ntchito isathere pa zakudya zodutsa masiku. Chitsulo chachinyengo cha mabuleki chimapha msanga kuposa bisiketi yowonongeka.

Koma tinene zoona. Galimoto zimenezi sizikhala mpaka kale. Land Cruiser 70 idakali kupangidwa, ndipo mu 2015 fakitale ya ku Ovar, ku Portugal, idayamba kuilumikiza kuti izigulitsidwa kuno kummwera kwa Africa. Choncho masipeya ake apezekabe kwa zaka zambiri, ndipo amene akuganiza zogula galimoto lero ayenera kuwerengera zimenezi. Series ndi Land Cruiser 40 zipitirira kuchepa, mtengo wa zitsulo zake ukukwera.

Mankhwala enieni sali m'sitolo ya masipeya. Ali pa msewu. Tsiku lomwe msewu wa kumudzi udzakhale ndi mikwasa yoyenda madzi, timilatho tolimba ndi girediyala yodutsa mvula ikatha, galimoto wamba idzafika pakhomo, ndipo Land Rover ya agogo idzapuma. Iyi ndi nkhani yoti muziifunsa pa misonkhano ya posto ndi ya distrito: ndi msewu uti womwe uli pa ndondomeko chaka chino, ndipo ndalama zake zili kuti?

Kufikira tsiku limenelo, inu okwera muli ndi ufulu wofunsa. Musanakweze mwana wanu pamwamba pa matumba, funsani dalaivala kuti mabuleki adaonedwa liti. Dalaivala wabwino sakwiya ndi funso limeneli, chifukwa nayenso ali m'galimoto momwemo.